Chisangalalo cha pantchito sichibwera ndi kalata ya abwana

Makampani ndi mabungwe ambiri m'dziko muno atengera chizolowezi chimodzi. Chaka chikamapita kumapeto, mu ofesi ya woona za antchito mumatuluka kalata: tsiku lakuti aliyense abwere atavala tisheti ya kampani, basi inyamuka m'mamawa, tikukasangalala. Ena amapita ku Mangochi, ena ku Mulanje, omwe thumba lawo ndi lopyapyala amangomanga tenti pabwalo la sukulu. Kumeneko anthu akuluakulu, ena a zidzukulu kale, amathamanga m'masaka, amakokana chingwe, amavina mokakamizika pamaso pa abwana. Madzulo ake zithunzi zili kale pa Facebook, pansi pake atalemba kuti ife ndi banja limodzi. Chizolowezichi chinatsika kale zitunda, chinadutsa pa Thabwa, chinawoloka mlatho wa Kamuzu, ndipo tsopano chili kwathu kuno kuchigwa: m'maesiteti, m'mabanki, m'mabungwe othandiza anthu amene adzaza pa Chikwawa boma ndi pa Nsanje.

Ine sindidana ndi kuseka, ndipo sindikunena kuti ndalama zonsezi zimangotayika. Chimene ndikukana ndi ganizo lakuti mtima wa wantchito ungadzutsidwe ndi tsiku limodzi lokonzedwa ndi abwana, pamene masiku ena onse a chaka munthuyo amagwira ntchito ali ndwii, akuopa kuti kapitawo akamuona akumwetulira amulemba kuti ndi waulesi. Chisangalalo chimene chimalimbitsa munthu pantchito chimachokera kwa antchito eni ake, ndi cha tsiku ndi tsiku, ndipo kawirikawiri sichidya ndalama zambiri. Mbali ya bwana ndi kuchipatsa nthawi, malo ndi mthunzi, kenako n'kusendera pambali pang'ono.

Nkhaniyi si yamasewera kwa ife. Fakitale ya shuga pa Nchalo inayamba kugaya nzimbe mu 1966 ili m'manja mwa Sucoma, ndipo Illovo inaitenga mu 1997. Kuchokera nthawi imeneyo alimi a ku Kasinthula ndi ku Phata nawonso analowa mu ulimi wa nzimbe, n'kuyamba kulemba anthu ntchito. Ngalande yaikulu yochokera pa Kapichira, imene cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 40,000, ikadzatha, anthu ambiri amene lero amalima munda wawo wa mapira ndi thonje adzakhala ndi kapitawo, nambala ya pantchito ndi tsiku lamalipiro. Mabwana ambiri atsopano adzakhala anthu a m'midzi yomweyi, osankhidwa m'makomiti a makopaletivi. Kuli bwino tikambirane tsopano kuti munthu amalimbikira ntchito chifukwa chiyani, tisanayambe kukopera zinthu zimene kumtundako nazo sizikuthandiza.

Makolo athu sanadikire katswiri wochokera ku Lilongwe kuti adzawaphunzitse. Olemba mbiri ya chigwa cha Shire amatiuza za nomi, magulu a anyamata ndi atsikana amene ankagwira ganyu m'minda ya anthu, makamaka m'zaka zimene thonje linali pachimake nthawi ya atsamunda. Gulu linali ndi atsogoleri akeake, zimene lapeza linkasunga pamodzi, ndipo nyengo ya ntchito ikatha kunkakhala phwando la ng'oma ndi magule. Dima nayenso anayenda chomwecho. Mwini munda aphika mowa kapena thobwa, anansi abwera ndi makasu, wina ayambitsa nyimbo, mzere wonse wa olima uyenda ndi nyimboyo, ndipo munda umene banja limodzi likanalimbana nawo sabata yonse utha dzuwa lisanafike paliwombo. Amayi pamtondo ankaimba, ndipo m'nyimbo zomwezo ankadzudzula mwamuna waulesi kapena apongozi ovuta, popanda wowagwira pakamwa.

Taonani kuti m'zonsezi kusangalala kunali m'kati mwa ntchito. Sikunali kusungidwira tsiku lina lapadera kutali ndi munda. Nyimbo inkayendetsa khasu, nthabwala inkafupikitsa mzere, ndipo palibe mwini munda amene anaimapo pachulu n'kulamula kuti tsopano nonse sekani.

Mwambo umenewu sunafe. Imani pamene odula nzimbe akudikira galimoto mbandakucha, mumve mmene Chisena, Chimang'anja ndi Chilomwe zikusakanikirana, mmene aliyense ali ndi dzina lake lapantchito limene mkazi wake salidziwa. Lolemba m'mawa, wokonda Manoma sapeza mtendere ngati Maule apambana, ndipo zikatembenuka nayenso amabweza ndi chiwongola dzanja. Alonda ali ndi bawo lawo lokumba pansi kuseri kwa geti. Anyamata a kabaza pa Nchalo ndi pa Bangula amanyogodolana tsiku lonse pansi pa mtengo wa nimu, koma wina njinga ikamuthyokera amasonkherana. Anamwino a usiku ali ndi nthano zawo za m'ma 2 koloko, nthawi imene tulo timalemera kwambiri. Pali anthu amene amachita chisuweni pantchito ngakhale alibe ubale uliwonse, ndipo chisuweni chimenecho n'chimene chimawalola kuuzana zoona popanda kudana. Zonsezi palibe kampani imene inazilemba m'bajeti.

Wofufuza wina wa ku America, Donald Roy, anaona zofananazo ndipo anazilemba mu 1959. Iye analowa ntchito m'fakitale ina ku Chicago, m'kachipinda momwe amuna ochepa ankayendetsa makina odula zinthu, ntchito imodzimodziyo kwa maola mpaka 12. Poyamba ankaona ngati anzakewo ndi achibwana. Tsiku lililonse, nthawi yomweyomweyo, mmodzi ankaba nthochi m'kachikwama ka mnzake n'kuidya akukuwa, mwini wake n'kumadandaula ngati ndi koyamba, mawa lake n'kubweretsanso nthochi ina. Panalinso nthawi ya mapichesi, nthawi yokangana za zenera, nthawi ya zakumwa. Pang'onopang'ono Roy anazindikira kuti tizibwana timeneti n'timene tinkagawa tsiku lalitalilo m'zigawo zopiririka. Tsiku lina nthabwala ina inapitirira malire, anthu anakwiyirana, kuseka kunaleka kwa masiku angapo, ndipo iye analemba kuti ntchito yomwe ija inasanduka yotopetsa koopsa. Makina sanasinthe, malipiro sanasinthe. Chinachoka chinali nthochi ija basi.

Ogulitsa maphunziro a kalimbikitsidwe ka antchito amakonda kutchula kafukufuku wa pa yunivesite ya Warwick ku England, amene Andrew Oswald ndi anzake anasindikiza mu 2015. Anatenga anthu oposa 700. Ena anawaonetsa kanema wanthabwala, ena anawapatsa zipatso, chokoleti ndi zakumwa, kenako onse anapatsidwa masamu ophatikiza manambala, malipiro molingana ndi mayankho olondola. Amene anayamba asangalatsidwa anagwira ntchito yochuluka ndi pafupifupi 12 pa 100 iliyonse kuposa anzawo. Nambalayi ndi yoona, ndipo ikutsimikiza zimene agogo athu ankadziwa pa dima. Koma anthu aja anali ophunzira a payunivesite, atakhala pampando, pantchito ya mphindi khumi. Sizikutanthauza kuti mukagawa mabisiketi mu Disembala, munthu adzadula nzimbe zambiri mu Juni.

Kafukufuku amene sakonda kumutchula ndi wa Ethan Mollick ndi Nancy Rothbard a ku Wharton, pa yunivesite ya Pennsylvania. Iwo anayesa masewero okonzedwa ndi mabwana pakati pa anthu ogulitsa malonda a kampani ina. Antchito amene anawalandira masewerowo ndi mtima wawo anayamba kuikonda ntchito kuposa kale. Amene anaona kuti angowasenzetsa anaipidwa nayo ntchito kuposa mmene analili poyamba. Masewero amodzi, zotsatira ziwiri, ndipo chosiyanitsa chinali kuvomera kwa mwini wake. Aliyense amene anakhalapo pamsonkhano wa bungwe, wotsogolera n'kunena kuti tiyeni tonse tiimirire tiimbe kanyimbo kochotsa tulo, pamene anthu akudikira kumva ngati alawansi ilipo, akudziwa nkhope zimene ndikunena.

Ndiye pali dzuwa. Aliyense wolemba za chisangalalo cha pantchito ali mu ofesi yozizira ya ku Blantyre ayambe wabwera pa Ngabu mu Okutobala kapena Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, madzi a m'chigubu n'kusanduka ofunda ngati osamba. Nyengo yodula nzimbe, imene imayamba cha mu Epulo, imakafika m'miyezi yotenthayi. Munthu ali m'munda wowotchedwa dzulo, mwaye thupi lonse, chikwanje m'manja kuyambira kusanache. Mphunzitsi ali m'kalasi ya malata ndi ana oposa zana. Mlonda wa nyama ali pakati pa thengo la Lengwe kapena Majete ndi mfuti ndi chikwama kumsana. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linanena mu 2019 kuti pofika 2030 kutentha kudzadya maola a ntchito okwana 2.2 pa 100 iliyonse padziko lonse, zofanana ndi ntchito 80 miliyoni, ndipo ogwira ntchito zaulimi ndi zomangamanga ndiwo adzavutike kwambiri. Ife kuchigwa tili kale m'kati mwa nambala imeneyo.

Ku Nicaragua, m'dera la Chichigalpa, odula nzimbe ambiri anamwalira ndi matenda a impso, ndipo ofufuza anapeza kuti chimodzi mwa zifukwa zazikulu ndi kugwira ntchito yolemetsa padzuwa loswa mtengo, madzi ochepa, kupuma kochepa. Pa esiteti ya San Antonio anakhazikitsa ndondomeko ya madzi, kupuma ndi mthunzi: matenti oyenda nawo m'munda, madzi akumwa pafupi, ndi nthawi zopuma zimene kapitawo sangazidumphe. Kuvulala kwa impso kunatsika kwambiri, ndipo nzimbe zodulidwa sizinachepe monga ena ankaopera. Wina anena kuti imeneyo ndi nkhani ya zaumoyo, yalowa bwanji pa nkhani ya kusangalala? Yalowa chifukwa pansi pa tenti ija ndi pamene anthu amacheza. Munthu wauma kukhosi saseka. Mupatseni mphindi khumi pamthunzi, madzi ozizira ndi anzake asanu, nthabwala zibwera zokha, simufunika kulemba ganyu munthu wodzawasangalatsa. Kwa ine, bwana amene wagula tenti ndi migolo ya madzi wachita zambiri pa mtima wa antchito kuposa amene wabweretsa oimba kuchokera mumzinda.

Za malipiro sitingazilambalale. Frederick Herzberg, atafunsa mainjiniya ndi owerengera ndalama pafupifupi 200 ku Pittsburgh, analemba mu 1959 kuti zinthu zimene zimakwiyitsa munthu pantchito n'zosiyana ndi zimene zimamusangalatsa. Malipiro, malamulo a kampani, kayang'aniridwe ndi malo ogwiriramo ntchito zikaipa, munthu amanyansidwa. Zikakhala bwino, kunyansidwako kumachoka, koma kuti munthu aikonde ntchito pamafunika zina: kuona chimene wakwanitsa, kuyamikiridwa, kupatsidwa udindo. Akatswiri ena anatsutsa mbali zina za maganizowa, koma mfundo imodzi ndimaiona ikugwira ntchito kulikonse: chisangalalo sichingakwirire dzenje la malipiro. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse. Mu Febuluwale 2024 boma linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi, koma mitengo ya chimanga, sopo ndi mafuta ophikira inali itathamanga kale. Munthu amene khadi yake ya kubanki ili m'manja mwa wakatapila, amene owataimu yake ya miyezi itatu sinabwere, mukamuuza kuti avale tisheti akakokane chingwe, amawerengera mumtima mtengo wa tisheti, wa basi, wa tenti ndi wa nyama yowotcha, n'kupeza kuti ndalama zilipo, koma si zake. Tsiku limenelo mwamuchotsa mtima m'malo momupatsa.

N'chifukwa chake atsogoleri ena a mabungwe a antchito amanena kuti zisangalalo zonsezi ndi nyambo yotseka anthu pakamwa. Sindigwirizana nawo kotheratu, koma sindingawanene kuti akunama. Pamene phwando likubwera sabata yomweyo imene madandaulo a antchito akanidwa, anthu si ana, amaona. Lamulo la ntchito la 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata ali ndi masiku 18 a tchuthi cholipidwa pachaka, wa masiku asanu ali ndi 15. Bwana amene akufuna antchito osangalala ayambe waona ngati anthu ake akupitadi kutchuthi chimenecho, kukaona makolo ku Marka kapena ku Chapananga, kukalima kudimba. Zimenezo zikakhala m'malo mwake, phwando limakoma ndipo palibe amene amalikayikira.

Funso lina limene limandivutitsa ndi lakuti paphwandopo pali ndani. Basi ya ku Mangochi imanyamula a mu ofesi. Aganyu ndi olembedwa kwa nyengo, amene thukuta lawo ndilo lalipira basiyo, amangomva. Mlonda amatsala pageti, chifukwa geti silingasiyidwe. Wa shifiti ya usiku wagona. Amayi a pantchito, amene tsiku lina lililonse ndi makalaliki ndi anamwino, tsiku limeneli amapezeka ali kuseri ndi mapoto, utsi m'maso, amuna anzawo apantchito ali pamipando. Tsikulo likaikidwa Loweruka, a Seventh Day atsala. Nyama ikakhala ya nkhumba, Asilamu angoyang'ana. Ndipo mowa ukachuluka, mtsikana amene wangoyamba kumene ntchito amayamba kuwerenga maola, chifukwa abwana ena akaledzera manja awo sadziwa malire. Lamulo la 2013 loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa nkhanza zotere, ndipo silinena kuti paphwando pali tchuthi cha lamulo. Chisangalalo chimene ena amachilipira ndi ulemu wawo chimagawa anthu, ndipo Lolemba onse amabwerera kuntchito akudziwa bwino lomwe kuti wa m'kati ndani, wa kunja ndani.

Mabwana nawo ali ndi mantha awo, ndipo ena ndi omveka. Amati mukawalekerera anthu kuseka, ntchito iima. Pali malo amene masewera amapha: pafupi ndi makina ogaya nzimbe, pamoto wowotcha munda, pothira mankhwala, kumbuyo kwa thirakitala, m'chipinda cha opaleshoni. Pamenepo kapitawo wouma mtima ndi mdalitso. Palinso kuseka kwina kumene kumapweteka anthu amene tikuwatumikira. Mayi wachokera kutsidya la kum'mawa kwa Shire, wawoloka pabwato, wakwera kabaza, mwana ali kumsana akutentha thupi, n'kupeza a pawindo akuseka chikhakhali pa foni osamuyang'ana n'komwe. Chimenecho ndi chipongwe, ndipo palibe amene angachiteteze. Koma taonani kuti malo amene anthu amanyozera odwala kapena makasitomala kawirikawiri si malo a antchito osangalala. Ndi malo a anthu otopa, amene analeka kale kuyembekezera chabwino chilichonse, ndipo foni ndi pothawira pawo. Gulu limene limasekera limodzi limadzudzulananso lokha. Waulesi pa dima sankafuna kapitawo, nyimbo yomweyo inkamutchula.

Chimene chimagwira ntchito, mmene ndikuonera, ndi chinthu chaching'ono chobwerezabwereza. Anthu akale a pa Nchalo amakumbukira mmene timu ya Sucoma inkasewerera mu ligi yaikulu pabwalo la Kalulu, matimu a ku Blantyre n'kumatsika kudzalimbana nayo pamodzi ndi kutentha kwathu. Wodula nzimbe, dalaivala ndi kalaliki ankakuwa ndi mawu amodzi, ndipo nkhani yake inkatha sabata yonse. Sikuti bungwe lililonse lingakhale ndi timu ya mu ligi. Koma mpira umodzi ndi mayunifolomu awiri, a kumunda kulimbana ndi a kugalaja Lachisanu lililonse madzulo, n'zotheka ngakhale kwa kopaletivi yaing'ono. Ntchemberembaye ya amayi, mpikisano wa bawo umene mlonda angathe kugonjetsa manijala anthu onse akuona, kwaya, gulu la utse kapena valimba kwa amene amazidziwa, banki mkhonde imene imagawana ndalama kumapeto kwa chaka ndi kaphwando kakekake. Sukulu ya boma kapena chipatala chaching'ono chimene chilibe bajeti ya zisangalalo chingathe kukhala ndi mphika wa thobwa wosonkherana ndi benchi pansi pa mtengo. Ubwino wa zinthu zotere ndi wakuti zimabwera sabata iliyonse, munthu amakhala ndi choyembekezera, ndipo amene sakufuna amangodutsa popanda womulemba dzina.

Pakati pa zonsezi pali munthu mmodzi amene timamuiwala, kapitawo. Manijala wamkulu antchito ambiri amamuona kawiri pachaka. Kapitawo, sisitala woyang'anira wodi, mphunzitsi wamkulu, amenewa ndiwo nyengo ya tsiku lililonse. Kapitawo amene amapereka moni, amene amadziwa kuti mwana wa uje akudwala, amene amanena kuti lero mwagwira ntchito anthu inu, amasintha gulu lonse popanda kuwononga tambala. Amene amatukwana munthu wamkulu pamaso pa ana ake obadwa dzulo amafafaniza m'mphindi imodzi zonse zimene phwando linamanga. Ndalama zimene zimapita kwa wotsogolera masewero wa tsiku limodzi zikanathandiza kwambiri zikanaphunzitsa makapitawo kulankhula ndi anthu. Ndipo ngati mukufuna kudziwa ngati pamalo pali chisangalalo chenicheni, onani kumene nthabwala zikulowera. Ngati bwana yekha ndiye amaseka antchito, iwo n'kumasekerera mwaulemu, pamenepo pali mantha. Ngati antchito angathe kuchita sewero, wina n'kuyenda monga amayendera abwana, kukhosomola monga amakhosomolera, abwanawo n'kuseka mpaka misozi, pamenepo anthu angathenso kunena kuti pampu yawonongeka isanaphulike. Kumasuka koseka ndi kumasuka konena zoona ndi chinthu chimodzi, ndipo kampani imapindula nako kuposa mmene imadziwira.

Palinso china chimene mabuku a kunja sachitchula kwambiri, koma kuno chimalemera kuposa phwando lililonse. Chigwa chino chimadziwa madzi. Tinawaona mu Januwale 2015, tinawaonanso ndi Idai mu 2019, ndi Ana mu Januwale 2022 pamene ngakhale magetsi a pa Kapichira anazima, ndi Freddy mu Malichi 2023. Wantchito saiwala zimene abwana anachita sabata imene nyumba yake inagwa: kaya anamudula malipiro chifukwa cha masiku amene anali kukampu, kaya anatumiza galimoto ndi thumba la ufa. Saiwala amene anabwera pamaliro a mayi ake, n'kukhala pansi pamodzi ndi anthu, osati kungotumiza chipepeso ndi dalaivala. Anthu amene analirira limodzi savutika kusekera limodzi, ndipo gulu lotere mukaligulira mpira limadziwa chochita nawo. Gulu limene linasiyidwa lokha pa tsoka, ngakhale mulitengere kunyanja, limakadya, kujambulitsa ndi kubwerako lili chimodzimodzi.

Choncho kwa inu abwana amene muli ndi kandalama ka zisangalalo m'bajeti ya chaka chino, pempho langa n'losavuta. Musakachotse. Kaperekeni kwa komiti yosankhidwa ndi antchito eni ake, momwe muli mlonda, mayi wosesa, wa shifiti ya usiku ndi woimira aganyu, aliyense ndi voti yake yofanana ndi ya akauntanti. Auzeni kuchuluka kwa ndalamazo poyera, kuti pasakhale manong'onong'o akuti zina zinalowa m'thumba la wogula nyama. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: iwo akudziwa chimene chikuwasowa. Mwina asankha ulendo wa kunyanja, ndipo ngati atero apite, chifukwa alipo ambiri obadwira m'mbali mwa Shire amene sanaionepo nyanja imene mtsinjewu umachokera. Mwina asankha mipira, wailesi ya m'kantini, ulendo wa ana awo kukaona njovu ku Majete, kapena mbuzi ziwiri zoti agawane pa Khirisimasi. Mwina mudzaona ngati asankha zopanda pake. Musawakonze.

Inu gwirani zimene komiti singathe. Chilichonse chimene asankha chichitike m'maola a kampani, osati kudya Loweruka kapena Lamulungu la munthu amene ali ndi dimba, tchalitchi ndi ana. Amene watsala pageti kapena m'wodi apatsidwe tsiku lake. Wosafuna kubwera asafunsidwe chifukwa. Ndipo ngati ndi mpira, uyambe dzuwa litapendeka, madzi akumwa ali pambali pa bwalo, chifukwa mu Novembala kuno palibe munthu wanzeru amene angathamange 2 koloko masana.